Ndigule receiver iti ya masipika asanu kuno kuchigwa?

Bambo a Chisomo, Nchalo
Mwaswera bwanji nonse. Ndikufuna nzeru zanu. TV yomwe ndinagula chaka chatha chithunzi chake n'chokongola, koma mawu a anthu akamayankhula samveka bwino. Mayi anga amakhala nafe ndipo makutu awo ayamba kuvuta. Timakweza voliyumu mpaka aneba amadziwa zomwe tikuonera, koma iwo amangofunsabe kuti "wati chiyani ameneyo?" Mlamu wanga wa ku Joni akubwera mwezi wamawa, wati atha kunditengera receiver ya 5.1 (amp yolandira mawu a TV n'kuwagawira masipika) yogwirapo kale ntchito, Yamaha kapena Denon, ndingosankha. Koma ku Limbe ndinaonanso home theatre ya m'katoni, ya masipika ataliatali, yolembedwa 5000W. Nditenge iti? Nyumba ndi ya malata yopanda siling'i, pabalaza ndi mamita 4 mulifupi ndi 5 mulitali, pansi ndi simenti.

Junior wa Mabass, Chikwawa Boma
5000W bwana! Mukuganiziranso chiyani? Tengani imeneyo, muzimveka mpaka pa Dyeratu.

Fundi wa pa Ngabu
Iwe Junior usawasocheretse akuluwa. Bambo a Chisomo, mukapitanso ku Limbe mukatembenuze chinthucho muone kumbuyo, pamene palowera waya wa magetsi. Pamalembedwa ma watt omwe chimakoka kukhoma. Zambiri zomwe zafika pa benchi yanga zimalembedwa 60 kapena 80, zina 100. Ndiye 5000 ikuchokera kuti? Chinthu sichingatulutse mphamvu yoposa yomwe chadya. Nambala yaikuluyo imakhala ndi zilembo PMPO pambali pake, ndi ya pakatoni basi. Receiver yoona imalemba monga 70W kapena 80W pa channel iliyonse pa 8 ohms, ndipo pabalaza lanulo imeneyo ndi yochuluka kale.

Junior wa Mabass, Chikwawa Boma
80W? Imeneyo ndi ya wailesi ya agogo.

Fundi wa pa Ngabu
Bwera ku shopu udzamve 80W yeniyeni, udzatuluka ukugwira makutu. Komanso dziwa kuti ukawirikiza ma watt, phokoso limangokwera ndi 3 dB, kakusiyana kakang'ono. Kuti khutu limve ngati phokoso lawirikiza pamafunika mphamvu yochuluka pafupifupi kakhumi.

Mayi a Tadala, Bangula
Abambo inu mwayamba kale kulimbana za ma watt, funso mwalisiya. Vuto la Bambo a Chisomo si phokoso, ndi mawu a anthu. Ine ndinakumana nazo zomwezo ndi malemu bambo anga. Mu 5.1 muli masipika awiri akutsogolo, kumanzere ndi kumanja, awiri a m'mbali, imodzi yapakati, ndipo .1 ija ndi subwoofer, sipika ya bass. Pafupifupi zonse zomwe anthu amayankhula mufilimu zimadutsa mu sipika yapakatiyo. Ubwino wa receiver ndi wakuti mutha kukweza yapakati yokhayo, mfuti ndi magalimoto n'kutsala pomwe zinali. Amayi akumva, aneba akugona. Ndiye ndalama yanu ipite pa sipika yapakati yabwino, zinazo zidzabwera pambuyo.

Bambo a Chisomo, Nchalo
Zikomo mayi. Kodi receiver imabwera ndi masipika ake?

Mayi a Tadala, Bangula
Ayi, imabwera yokha. Ndi pamene ambiri amadabwa.

Bambo a Chisomo, Nchalo
Eee, ndiye bajeti yasokonekera. Koma ndili ndi masipika asanu a DVD home theatre yakale yomwe inafa. Sindingalumikize amenewo?

Fundi wa pa Ngabu
Yang'anani kumbuyo kwake mundiuze ma ohm.

Bambo a Chisomo, Nchalo
Alemba 3 ohms. Subwoofer yakenso 3 ohms, ili ndi mawaya awiri okha, ofiira ndi akuda.

Fundi wa pa Ngabu
Asiyeni amenewo. Receiver zambiri zimafuna masipika a 6 kapena 8 ohms. Ma ohm akachepa, sipika imakoka magetsi ambiri, amp imatentha, kenako imadzizimitsa kapena kupsa kumene. Kuno kwathu komwe mpweya ndi wotentha kale, 3 ohms ndi kuipha dala. Subwoofer yanuyonso siigwira, chifukwa ilibe amp yakeyake. Receiver kumbuyo ili ndi kabowo kamodzi ka RCA kolembedwa SUBWOOFER PRE OUT, kamangotulutsa siginolo yopanda mphamvu. Pamafunika subwoofer yomwe ili ndi pulagi yake ya kukhoma.

Musadandaule za kugula zonse kamodzi. Yambani ndi atatu akutsogolo. Mu menyu mumaiuza receiver kuti a m'mbali kulibe, subwoofer kulibe, iyo imatumiza mawu onse kwa omwe alipo. Ndipo ngati muli ndi masipika a hi-fi yakale, aja a matabwa olembedwa 6 ohms, amenewo ndi abwino kutsogolo kuposa timasipika ta pulasitiki.

Amalume a ku Nsanje
Takhuta a Fundi. Ine ndingowonjezerapo za magetsi, chifukwa ndinalirapo. Mwana wa mchemwali wanga ananditumizira amp kuchokera ku America m'kontena. Ndinasangalala, ndinagula adaputa, ndinalumikiza. Kunamveka "phu!", kafungo ka waya wopsa, basi. Ya ku America ndi 120V, ya ku Japan ndi 100V, ife kuno ndi 230V. Adaputa imangosintha mano a pulagi, magetsi sisintha. Ili pa kabati mpaka lero, adzukulu amaikapo makope.

Madala wa ku Joni
Pepani amalume. Koma ya kuno ku South Africa ilibe vuto limenelo, ndi 230V, 50Hz, chimodzimodzi kumudzi. Pulagi yokha ndi yosiyana, ya kuno mano ake ndi ozungulira. Mudule muike yathu ya mano atatu yokhala ndi fyuzi. Muwauze alamu anuwo asaiwale zinthu ziwiri: rimoti ndi kamaiki kake koyezera chipinda. Ogulitsa zakale ambiri amakhala atataya kamaikiko. Popanda rimoti menyu ina simungaifike n'komwe. Ndipo aiyese pomwepo asanalipire, ma channel onse asanu ndi mabowo onse a HDMI.

Bambo a Chisomo, Nchalo
Ndamuuza. Nanga pakati pa Yamaha ndi Denon?

Madala wa ku Joni
Zonse ndi zabwino. Yamaha njira yake yoyezera chipinda amaitcha YPAO, Denon ndi Marantz amagwiritsa Audyssey, Pioneer ndi MCACC. Ntchito yake ndi imodzi. Inu yang'anani chaka chake ndi mabowo akumbuyo, dzina lisakuvuteni.

Achemwali a pa Thabwa
Pa mabowopo ndiimepo pang'ono, chifukwa ndi pamene amuna anga anagwa nazo. Anagula receiver yolemera bwino, yakale, yopanda HDMI. Inalira bwino koma marimoti anakhala atatu ndipo ana ankangosokoneza. Pezani yomwe bowo lake la HDMI OUT lalembedwa ARC, ndipo muone ngati TV yanu ili ndi bowo limodzi lolembedwa ARC. Mukalumikiza awiriwo ndi waya mmodzi, mawu a TV amabwerera ku receiver, ndipo rimoti ya TV imakweza voliyumu ya receiver. ARC inabwera ndi HDMI 1.4 m'chaka cha 2009, ndiye receiver zambiri za pambuyo pake zili nayo. Ngati palibe, waya wa optical umagwiranso, umanyamula Dolby Digital ndi DTS ya 5.1 bwinobwino, kungoti marimoti akhala awiri.

China, ngati TV yanu ndi ya 4K koma receiver ndi yakale, musadutsitse chithunzi mu receiver. Dikoda ndi zina zonse zilowe mu TV, mawu okha ndi omwe apite ku receiver.

Junior wa Mabass, Chikwawa Boma
Ngati mukugula gulani ya Atmos kamodzi n'kamodzi. 5.1 ndi zachikale. Panopa ndi 7.2, eARC, ndege imadutsa pamutu.

Mayi a Tadala, Bangula
Junior, wawerenga kuti nyumbayo ilibe siling'i? Atmos imafuna masipika a m'mwamba, kapena aja oloza kumwamba kuti mawu agunde siling'i yosalala n'kubwerera pansi. Pa malata ndi mitanda mawuwo abwerera bwanji? Angomwazika. Ndipo mafilimu a pa flash omwe timakopa pamsikawa, angati ali ndi Atmos? Ambiri ngakhale 5.1 alibe.

Junior wa Mabass, Chikwawa Boma
Adzaika siling'i mtsogolo.

Bambo a Chisomo, Nchalo
Siling'i ndakhala ndikuika "mtsogolo" chimangireni nyumbayi. Chigwereni kwacha mu November 2023 ndinasiya n'kufunsa komwe mtengo wa mabodi.

Fundi wa pa Ngabu
Hahaha. Tsopano nkhani yomwe a ku Blantyre sangakuuzeni ndi ya kutentha. Amp zomwe zimabwera kwa ine zambiri zimafa mu October ndi November. Panja kutentha kwadutsa madigiri 40, m'nyumba ya malata masana ndi uvuni, ndiye wina waiika mu display, watseka galasi, pamwamba waikapo dikoda, pamwamba pa dikoda kansalu koluka ndi duwa la pulasitiki. Receiver imapuma ndi timabowo ta pamwamba, mpweya wotentha umatulukira pamenepo. Buku la Yamaha lomwe ndili nalo pano likuti musiye masentimita 30 pamwamba ndi 20 m'mbali ndi kumbuyo.  Ife kuno kotentha tiziwonjezera. Ikhale pa shelefu yotseguka, pamwamba pasakhale kanthu. Ine ndimauza makasitomala agule kafani ka USB kaja ka laputopu, akaike pamwamba kazikoka mpweya. Ngati ili ndi ECO mode, yatsani, imachepetsa kutentha ndi magetsi omwe.

Kansalu kaja kaziikidwa ikazimitsidwa ndi kuzizira, chifukwa fumbi la mwezi wa September nalonso ndi mdani. Mphemvu ndi abuluzi amakondanso kufunda kwa m'katimo. Ndinatulutsapo buluzi wouma atagona pa board, ndi iye anachititsa shoti.

Achemwali a pa Thabwa
Za kansaluzo mwalasa ine a Fundi. Koma receiver ndi chinthu chakuda chosaoneka bwino, pabalaza pamafunika ulemu.

Mayi a Tadala, Bangula
Ndiponso muiike pamwamba ndithu, osati shelefu yapansi. Ife a ku Bangula tinaphunzira mu January 2015, namondwe Freddy n'kudzatikumbutsanso mu March 2023. Madzi akalowa usiku munthu umanyamula ana ndi ufa, za amp sukumbuka. Subwoofer ndiye imakhala pansi, ndipo bokosi lake ndi la matabwa a utuchi aja, likanyowa limafufuma n'kuphwasuka. Yanga nthawi ya dzinja imakhala pa kampando.

Amalume a ku Nsanje
Nanga ife a sola? Chionongekereni Kapichira ndi namondwe Ana mu January 2022 ine ndinaika sola, ndipo usiku ndimadalira batire.

Fundi wa pa Ngabu
Amalume, zimatengera inveta. Zotchipa zija za modified sine wave zimapangitsa thiransifoma ya mu amp kung'ung'uza ndi kutentha, ndipo mumamva "zzzz" m'masipika. Pamafunika ya pure sine wave. Muwerengenso kuti receiver imadya magetsi ngakhale voliyumu ili pansi, ndiye mukaphatikiza TV ndi subwoofer, batire limodzi la 100Ah silingakufikitseni kutali. Usiku wa batire zimitsani subwoofer.

Kwa a magetsi a kukhoma, gulani ka TV guard kaja kodikira mphindi zingapo magetsi akabwera. Amp siifa magetsi akamazima, imafa akamabwera. Ndipo mvula ya ziphaliwali ikayamba zulani pulagi ndi waya wa dishi womwe. Mphenzi imalowera ku dishi, n'kudutsa mu dikoda, n'kuyenda mu HDMI kukapha TV ndi receiver limodzi. HDMI board ikapsa ine sindikonza, ndimangopepesa.

Bambo a Chisomo, Nchalo
Ndamva zonse. Ndidzakuuzani ikafika.

Bambo a Chisomo, Nchalo
Anthu a Mulungu, ndabweranso. Katundu anafika Loweruka. Mlamu anabweretsa receiver ya 5.1 ya ARC, rimoti ndi kamaiki zilipo, anawonjezera sipika yapakati ndi tiwiri ta m'mbali ngati mphatso. Kutsogolo ndaika a hi-fi a 6 ohms omwe ndagula kwa mnzanga wa ku fakitale ya shuga. Subwoofer ndidikira kaye. Koma pali mavuto awiri. Loyamba, ndikakweza voliyumu pang'ono imangoti "thi" n'kuzima, kagetsi n'kumaphethira. Lachiwiri, isanazime, masipika a m'mbali sakulira n'komwe. Kodi mlamu anagula yakufa?

Junior wa Mabass, Chikwawa Boma
Ndinanena ine. Ya 5000W sizima.

Fundi wa pa Ngabu
Junior khala chete kaye. Bambo a Chisomo, siinafe, ikudziteteza. Zulani pulagi, tengani tochi, muyang'ane kumbuyo pamene mwamanga mawaya a masipika. Kawaya kamodzi kakang'ono ngati tsitsi kakakhudza chitsulo cha kumbuyo kapena waya mnzake, imazima choncho. Masulani onse, mupotokole nsonga iliyonse bwinobwino, musasende waya wautali, sentimita imodzi yakwana. Muonenso mbali ya kumasipika. Mwagwiritsa waya wanji?

Bambo a Chisomo, Nchalo
Wina ndinagula, wina ndinalumikiza zidutswa za DVD yakale ija ndi selotepi.

Fundi wa pa Ngabu
Ndi pamenepo. Selotepi kuno imasungunuka guluu, mawaya n'kukumana. Gulani waya wathunthu wa kopa, 1.5mm wakwana pa mtunda wa pabalaza lanu. Osafuna wodula wa dzina. Chofunika ndi chakuti chofiira cha receiver chipite ku chofiira cha sipika, chakuda ku chakuda, pa masipika onse. Mukatembenuza imodzi siipsa, koma bass imathawa ndipo mawu samveka pomwe akuchokera. Poti masipika anu ndi a 6 ohms, onaninso m'buku lake ngati pali poisinthira ma ohm.

Bambo a Chisomo, Nchalo
A Fundi, mwalasa. Pa joini ya sipika ya kumanja mawaya anali atagundana. Ndasintha waya yense, yalira maola atatu osazima. Koma a m'mbali akadali chete.

Achemwali a pa Thabwa
Mukuonera chiyani, ndipo pa galasi la receiver pakulembedwa chiyani?

Bambo a Chisomo, Nchalo
Mpira pa dikoda. Pakulembedwa PCM.

Achemwali a pa Thabwa
Ndiye ikulandira ma channel awiri okha. Lowani mu menyu ya mawu ya TV, pa digital audio out, muchotse PCM muike Auto kapena Bitstream kapena Passthrough, mayina amasiyana. Mu dikodanso sankhani Dolby Digital. Zikatheka pa receiver padzalembedwa Dolby D. Koma dziwani kuti si pulogalamu iliyonse ili ndi 5.1. Nkhani, nyimbo za pa flash, makwaya, zambiri ndi stereo. Pa zimenezo dinani batani la surround decoder, Pro Logic II kapena Dolby Surround malinga ndi chaka chake, imagawa yokha mawu n'kutumiza oyankhula pakati. Kwa amayi anu ndi imeneyo yofunika, ngakhale pa nkhani za madzulo.

Junior wa Mabass, Chikwawa Boma
Ingoikani 5ch stereo, onse alire mofanana. Ndi mmene zimakomera.

Mayi a Tadala, Bangula
Pa chinkhoswe inde. Pa filimu ayi, munthu ali kutsogolo mawu ake azimvekera kumsana? Masipika a m'mbali sapangidwira kulira nthawi zonse. Pa mpira muzimva anthu a m'bwalo, pa filimu mvula, mbalame, galimoto yodutsa. Mwawaika pati, Bambo a Chisomo?

Bambo a Chisomo, Nchalo
Onse asanu ali pa display, pamzere. Akuoneka bwino kwambiri.

Mayi a Tadala, Bangula
Mayo ine. Awiri aang'onowo achoke pamenepo. Apite m'mbali mwa mpando womwe mumakhala, kumbuyo pang'ono kwa mapewa, pamwamba pang'ono pa makutu. Khomani misomali kukhoma, waya adutse pa mtanda poti siling'i palibe, apa ndiye mwapindula nako kusowa siling'i. Akutsogolo atalikirane, wina kumanzere kwa TV wina kumanja, mtunda wa pakati pawo ukhale wofanana kapena wocheperako pang'ono ndi mtunda wochokera pa sipika kufika pomwe mwakhala. Yapakati ikhale pansi pa TV penipeni, kumphepete kwa shelefu, osati kukankhidwira m'kati. Ngati ili pansi kwambiri ikani kanthu pansi pake cha kutsogolo kuti iloze kumaso.

Mukatha ndiye muyeze ndi kamaiki kaja. Kakhale pamene pamakhala mutu wa munthu atakhala pansi, osati m'manja. Ine ndinasanjikiza mapilo. Ndipo pakhale zii.

Bambo a Chisomo, Nchalo
Zii ku Nchalo? Masana chigayo cha aneba, mathirakitala a nzimbe, mbuzi. Ndayesa kawiri ikulemba error.

Madala wa ku Joni
Dzukani 4 koloko m'mawa.

Amalume a ku Nsanje
Nthawi imeneyo ndi ya atambala. Yesani cha m'ma 11 usiku, muzimitse fani ndi filiji. Mupirire thukuta mphindi zisanu.

Fundi wa pa Ngabu
Ikamaliza musangokhulupirira zonse. Lowani muone zomwe yalemba. Mitunda ya masipika nthawi zambiri imalondola. Koma imakonda kulemba masipika kuti Large. Panopa poti subwoofer mulibe, akutsogolo awiriwo akhale Large, koma yapakati ndi a m'mbali muike Small. Crossover, malire omwe bass imachotsedwera mu masipika a Small, yoyambira ndi 80Hz, koma timasipika tating'ono ngati ta m'mbalito tikweze pa 100 kapena 120. Tsiku lomwe mudzagule subwoofer, onse adzakhale Small, bass yonse izipita kumeneko, receiver idzapepukidwa ndipo sidzatentha kwambiri. Kenako kwezani level ya Center ndi 2 kapena 3 dB. Pali china cholembedwa DRC kapena Dynamic Volume kapena Night, chimachepetsa kusiyana kwa kunong'ona ndi kuphulika. Yatsani chimenecho chifukwa cha amayi.

Mayi a Tadala, Bangula
Ndipo simenti ndi makoma opanda kanthu zimabweza mawu, n'chifukwa chake oyankhula amamveka ngati ali m'tchalitchi chopanda anthu. Yalani mkeka kapena kapeti pakati pa TV ndi mipando, makatani akhale okhuthala. Kwathu ndinapachika mphasa ya bango kukhoma lakumbuyo, alendo amayesa ndi zokongoletsa. Za mvula pa malata zokha ndiye palibe receiver yomwe ingathane nazo, ikagwa ya December mungozimitsa muzicheza.

Bambo a Chisomo, Nchalo
Ndayeza usiku wathawu, zatheka ulendo woyamba. Center ndakweza ndi 3. Lero tinaonera filimu, voliyumu ili pansi kuposa kale, ndipo mayi sanafunse "wati chiyani" ngakhale kamodzi. M'malo mwake galu atauwa mu sipika ya kumbuyo anadzuka n'kutenga ndodo kukayang'ana kukhonde, akuti agalu a aneba alowanso ku khola la nkhuku. Ana anaseka mpaka kugwa pansi. Panopa akuti masipika akumbuyowo ndi amwano, munthu sayankhulira mkulu kumsana.

Amalume a ku Nsanje
Hahaha, amayi akunena zoona. Atsitsireniko pang'ono a kumbuyowo.

Junior wa Mabass, Chikwawa Boma
Chabwino ndagonja. Bullets ikamasewera ndi Wanderers ndikubwera kudzamva ndekha. Masipika a 3 ohms aja musataye, ndiwafuna.

Bambo a Chisomo, Nchalo
Udzatenge Junior. Koma a Fundi, nkhondo ina yabuka. Ndabwera kuntchito ndapeza kansalu koluka kali pamwamba pa receiver, duwa lili pamwamba pa kansalu, TV ikulira. Ndagwira pamwamba pake, mungakazingepo dzira. Ndachotsa, mayi a Chisomo abwezerapo. Akuti anakaluka okha ndipo sikangakhale m'sutikesi.

Fundi wa pa Ngabu
Imeneyo si ya fundi, ndi ya ankhoswe.

Achemwali a pa Thabwa
Musalimbane nawo achimwene. Auzeni kuti masipika akutsogolo awiri aja satentha, ndipo onse akufunika tinsalu tofanana. Muwagulire ulusi aluke kachiwiri, duwa lipite pa sipika ya kumanzere. Kungoti kansaluko kasalendewere kutsogolo kwa sipika.